Kuperekeza apongozi ku Heathrow batire likutha

Apongozi anga anabwera ku Romford mwana wathu atangobadwa, ndipo miyezi yonse imene anakhala nafe sitinayang'anizanepo m'maso. Sikuti tinkadana ayi. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake amapatsana mpata, ndipo mwambowo tinausunga ngakhale m'kanyumba kopanikiza ngati kathuko. Ine ndikalowa kukhitchini, iwo ankatuluka. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, ine ndili pomwepo: "Uwauze bambo a mwanayu kuti madzi otentha sakutuluka."

Tsiku lawo lobwerera kumudzi linagwa mu Januwale, sabata imene kunazizira mosaneneka. Linalinso tsiku lomaliza la viza yawo, chifukwa tikiti tinaisuntha mwana atadwala chifuwa. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Akaphonya ndegeyo ndiye kuti apyola masiku, ndipo munthu wopyola masiku kudzamupatsanso viza ndi nkhani ina. Mdzukulu wawoyo akanamamuonera pa foni basi.

Mkazi wanga anali pa ntchito kuchipatala, analephera kupeza wosinthana naye, ndipo mwana tinamusiya kwa mayi wina wa kumpingo. Za sitima sitinazikambe nthawi yaitali. Apongozi bondo linkawavuta, komanso masutikesi anali atatu, olemera ngati muli miyala, poti aliyense wa kumpingo atamva kuti pali wopita kumudzi anabweretsa "kaphukusi kakang'ono". Ndiye panatsala ine ndi galimoto yanga.

Galimotoyo inali yamagetsi, yogula kwa munthu wina, ndipo chiigulireni ndinalibe mtendere ndi mlamu wanga wa ku Croydon, mchimwene wake wa mkazi wanga. Iye amayendetsa ya dizilo ndipo amaikonda kuposa anthu ena. Nyengo yozizira ikangoyamba, ankaponya pa gulu la banja la pa foni nkhani za m'nyuzipepala: magalimoto amagetsi afera pamsewu, anthu agona pamzere podikira kutchaja. Ine ndinkabweza ndi nkhani za nyuzipepala zina zonena kuti zonsezo ndi mabodza a anthu ogulitsa mafuta. Atolankhani ankatukwanizana okhaokha, ifenso kumatukwanizana m'malo mwawo. Ndinkapsa mtima zenizeni, mpaka mkazi wanga anandiuza kuti ndikwatire batirelo.

M'mawa wa tsikulo ndinapeza kanyali ka pa polo yotchajira ya mumsewu mwathu kakuyaka mofiira. Chinthucho chinali chitasiya kutchaja nthawi ina usiku, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinayang'ana manambala a m'galimoto. Ankati mtunda wotsala ukwana kukafika ku bwalo la ndege la Heathrow ndi kutsalako ndithu. Ndinawakhulupirira, ndinapala chisanu pagalasi, n'kulonga katundu. Apongozi anakhala kumbuyo monga mwa masiku onse, mbali imene sindikanawaona bwino pa kagalasi, atavala jekete la mkazi wanga ndi chitenje pamwamba pake. Hita ndinaitsegula yonse.

Tisanafike n'komwe pa msewu waukulu wa North Circular ndinaona kuti zinthu sizili bwino. Tikayenda mailosi imodzi, galimoto inkachotsa awiri, pena atatu. Kutsogolo magalimoto anali atathinana, akuyenda mokwawa, ndipo ngakhale titaima manambala ankatsikabe. Ndinatsegula wailesi kuti ndimve za pamsewu, koma ndinapeza anthu awiri akukangana za nkhani yomweyi. Wina ankati magalimotowa ndi chinyengo, winayo ankati mnzakeyo walipidwa kuti aname. Onse awiri ankalankhula ali m'chipinda chofunda, ndipo panalibe amene akananditsimikizira ngati ndikafike kapena ayi. Ndinaitseka mwaukali.

Ndinapatukira pa malo ena otchajira, pafupi ndi sitolo yaikulu. Makina amodzi anali akufa, pa enawo panali mzere wa mataxi. Dalaivala wina ananditsitsira galasi n'kundiuza kuti batire likazizira limalandira moto pang'onopang'ono, ndisayembekezere zachangu. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana mzerewo, ndinabwerera mumsewu.

Kenako foni inalira, ndipo poti inali yolumikizidwa ku galimoto, mawu a mlamu wanga anadzaza monsemo.

"Alamu, muli pati? Mwaiona news? Ma electric anuwo angoti mbwee pa motorway lero. Paja heater ndi imene imamaliza battery, eti? Koma masteni akafika? Akaimissa flight imeneyo ndiye basitu, visa yapita."

"Muli pa speaker, alamu," ndinatero.

Pomwepo mlamu anasintha, n'kulankhula ndi mawu a mwana wa Sande sukulu: "Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka," anayankha apongozi. Ndinadula foniyo. Ndikanakhala naye pafupi munthu ameneyo, sindikudziwa chimene chikanachitika. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti pa za hitazo sankanama.

Ndinkadziwa choyenera kuchita, koma ndikanayamba bwanji? Mayi wachikulire, mlendo m'dziko la eni, mayi wobala mkazi wanga, ndimuzimitsire moto m'chisanu chotero?

"Muno mwatentha," anatero apongozi, akuyang'ana pawindo.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Amayi?"

"Ndati mwatentha muno, bambo. Tazimitsani chamotochi."

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wodutsiramo. Kunja udzu wa m'mbali mwa msewu unali woyera ndi chisanu, ndipo mayi ameneyu kunyumba ankagona ndi masokosi awiriawiri hita ili chiyakire. Ndinazimitsa.

Kuzizira kunalowa msanga, kuyambira kumapazi. Posakhalitsa mpweya wathu unayamba kuoneka, magalasi n'kuchita nthunzi. Ndinkapukuta lakutsogolo ndi mkono wa juzi, dzanja lina lili pa chiwongolero, koma linkabwereranso. Ndinatsitsa windo pang'ono, mphepo n'kulowa yobaya m'makutu. Nditafuna kulowa mzere wina wa msewu ndinapeza galasi lakumbuyo layeretsedwa kale: apongozi anali atavula chitenje chija n'kumapukutira. Ndinamva chisoni ndi manyazi pamodzi.

Manambala anayamba kutsika mwaulemu, koma anali atatsika kale kwambiri. Ndinayenda kumzere wa kumanzere, malole akundiimbira mahutala. Nthawi ina ndinamva mano awo akugundana, ndipo dzanja langa linapita lokha pa batani la hita.

"Isiyeni," anatero. "Ine ndili bwino."

Kenako anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kumpingo, yapansipansi, mawu akunjenjemera. Sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankabisa kugundana kwa manoko.

Zikwangwani za ndege zitayamba kuoneka, galimoto inayatsa chenjezo lachikasu n'kuyamba kufooka. Ndikaponda, inkayankha mwaulesi. Pa kamtunda kokwerera pamalo otsitsira anthu ndinagwira mpweya, ndikuilankhula mumtima ngati ng'ombe yotopa pa ngolo. Inakwera. Ndinaimika mokhota, ndinathamangira ngolo ya katundu, ndinaponyapo masutikesi, ndipo tinalowa apongozi akutsimphina pambuyo panga, ine osatha kuwagwira mkono. Pa kauntala panali patatsala anthu ochepa okha, ndipo mtsikana wa pamenepo ankayang'ana kale wotchi. Atapempha pasipoti, zala za apongozi zinakanika kutsegula zipi ya chikwama. Anayesa kawiri, kenako anandipatsa chikwamacho kuti nditsegule ndine.

Katundu atalowa, tinaima pa chipata chimene ine sindikanadutsa. Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma anathawa. Ndinangoti, "Amayi, mundikhululukire, mwazizidwa chifukwa cha ine."

Anandiyang'ana m'maso, n'kutambasula dzanja. Ndinalilandira ndi manja awiri. Linali lozizira ngati chitsulo.

"Mwana wanga musakamuuze za kuzizirazi, angadandaule," anatero. "Mukangoti tinayenda bwino. Chaka chamawa ndibweranso, mdzukulu wangayo ndidzamupeze akuyenda."