Dzina Lomwe Linatsala ku Laos

A Chong Neng Vue anakonza mafiriji mumzinda wa Saint Paul ku Amereka mpaka kumera imvi, ndipo palibe anawaonapo akuseka mano onse pamtunda. Pamaliro athu ife Ahmong, mtundu wochokera ku Laos, ankakhala kutsogolo, atavala jekete la usilikali logula musitolo. Dzina lakuti Chong anawapatsa ndi apongozi awo atabereka ana, monga timachitira. Ku Laos anali Neng basi, kamnyamata kokoka mfuti yokaposa msinkhu pankhondo yothandiza Amereka.

Zitamveka kuti nzika zomwe zinamenya nawo nkhondo ija zitha kuikidwa m'manda a asilikali, mbendera ili pabokosi, mtima wawo unakhala pamenepo. Chifuwa chinali chitayamba kale kuwavuta. Tsoka lake, mapepala a usilikali anawatentha asanawoloke mtsinje wa Mekong pothawa, ndiye pankafunika mboni yowasainira chikalata. Yotsala inali imodzi: a Wa Seng Lor, kaputeni wawo, omwe ankasungidwa kunyumba ya okalamba mutu utayamba kubalalika.

Anawaperekeza ndi mkamwini wawo Pheng, munthu yemwe sankayerekeza n'komwe kuwayang'ana m'maso.

"A Kaputeni, ndine Chong Neng Vue."

"Sindikukudziwa. Ukugulitsa chiyani?"

"Neng, wa m'gulu lanu."

"Aa iwe, a Neng analipo ngati nyerere! Wina woduka chala, wina wakuba nkhuku. Iwe ndiwe uti?"

A Chong Neng thukuta linangoti kamukamu. Dzina loti awazindikire nalo ankalidziwa bwino, koma ngakhale malemu akazi awo anapita osalimva. Ndiye alitchule pamaso pa mkamwini? Manyazi, abale, anawagwira. Anaganizako zongotuluka, akadzafa akawakwirire paliponse.

"Ndine Kamkodzo," ananong'ona.

"Ati chiyani? Kweza mawu!"

"Kamkodzo!"

Namwino amene ankadutsa anacheuka. Pheng anayang'ana nsapato zake.

A Kaputeni anaseka mpaka kutsokomola. "Kamkodzo! Ukadali moyo? Mzinga kungoti phuu, buluku lonse chonyowa! Tinkakuyanika pamwala pamodzi ndi buluku lakolo. Mkamwini, bweretsa ndisaine, uyu ndi wanga ndithu."

A Chong Neng anangoima, makutu akutentha, akulakalaka nthaka itang'ambika. Koma cholembera chili m'manja, kuseka kwa nkhalambayo kunazima.

"Unali ndi zaka zingati paja?"

"Khumi ndi chimodzi, a Kaputeni."

"Amayi ako anandigwira mwendo. Akuti tengani nkhumba, mwanayu musiye." Anayang'ana pachikalatapo. "Nkhumba ndinatenga. Iwenso ndinatenga."

Anasaina, n'kutembenukira kukhoma, osacheukanso ngakhale potsanzikana.

M'galimoto Pheng anagwira chiwongolero koma osaliza injini. "Bambo, mwalandira malo anu," anatero mwaulemu.

A Chong Neng maganizo anali kwina. Za nkhumbazo anali asanamvepo chibadwire. Pakhomo pa amayi awo inalipo imodzi yokhayo.