Kubetcha kwa Mayi Nereyda

Kwathu kuno, kuseri kwa tauni ya Moca, palibe thako la munthu wamkulu limene Mayi Nereyda sanaliboole. Anayamba unamwino pa kachipatala kathu tsitsi lili bii, lero lili mbuu, koma dzanja silinjenjemera. Dzanjalo ndi lolemera, pakamwa ndiye musanene. Mwamuna akalowa akuyenda motang'adza, n'kuyamba kufotokoza kuti anakhalira mwala wotentha ndi dzuwa, iwo amangofunsa kuti mwalawo dzina lake ndani ndipo umakhala kuti, kuti nawonso ubwere udzalandire mankhwala.

Amuna awo anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi, Wilkin. Anamulera ndi singano yomweyo, mtima uli poti adzakhale dokotala. Mwanayo anasankha atambala. Osati odya ayi, omenyanitsa. Amawameta nthenga za m'ntchafu, kuwapemerera mowa wa romu, kuwabaya mavitamini. Mkazi wake Yaneris atsokomole usana wonse, iye samva. Koma tambala angoyetsemula, munthu ali kale pa njinga yamoto, ulendo wa kusitolo ya mankhwala a ziweto.

Yaneris atatenga pakati anapita kusikelo, ndipo magazi anaonetsa chindoko. Mtsikanayo analira, akuti sanamvepo kuwawa paliponse. Apongozi akewo anamukhazika pansi n'kumuuza kuti nthendayi ndi mmene imachitira, imayenda chinunu, koma imatha kulowa mwa mwana, n'kubadwa wakufa kapena wolumala. Anamubaya okha penisilini, woyera ngati mkaka uja, amene amalowa ngati phala lamoto. Atatero anapita kukhola kukamupeza mwini nkhani.

"Amayi, ine ndinachira kale," anatero Wilkin, maso ali pa tambala. "Kachilonda kanalipo, ndinadzibaya, kanauma."

"Unadzibaya chiyani?"

Anatulutsa kabotolo kojambulidwa nkhuku.

"Ndiye mlingo wake unaika wa tambala mmodzi, kapena wa khola lonse?"

"Ndinawonjezerako, Amayi. Si ine mwana."

Anamufotokozera mpaka malovu kuuma kuti chilonda cha chindoko chimauma chokha ngakhale kwa munthu amene sanamwe kanthu, nthenda n'kutsala m'magazi. Wilkin anakana. Akuti sangatsitse thalauza pamaso pa amake, ndipo sangakhale pa benchi ya chipatala mudzi wonse ukumuona. Munthu woti amaima pakati pa bwalo la atambala Lamlungu lililonse, nkhope yake anthu onse akuidziwa, koma benchi ndiyo yamuchititsa manyazi.

Mimba itakula anamuyezanso Yaneris. Nthenda inali itabwerera. Mayi Nereyda tsiku limenelo sanadye. Moyo wawo wonse akhala akuthamangitsa amuna a eni, kuwakoka m'magolosale ndi m'minda ya nthochi, lero wowononga mdzukulu wawo ndi amene anamuyamwitsa okha.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene amuna akuno amachiopa kuposa Mulungu. M'bwalo la atambala kubetcha sakulemba, ndi pakamwa basi, ndipo mawu onenedwa mmenemo sabwezedwa. Munthu anamize mkazi wake tsiku ndi tsiku, anamize wansembe mu kulapa, palibe amuda. Koma akaphwanya mawu a m'bwalo, sadzalowamonso, ngakhale moni anthu amumana. Mayi Nereyda ankadziwa zimenezi.

Lamlungu masana anavala zoyera zawo za ntchito n'kulowa m'bwalomo. Phokoso linazima. Amuna ambiri anakokera zipewa kumaso, aliyense akuganiza kuti mayiwo adzera iye. Wilkin anali atanyamula tambala wake wodalirika, Canelo, akumumanga zisonga kumiyendo.

"Ndabwera kudzabetcha ndi iwe," anatero mayiwo mokweza. "Canelo akagonja, mawa ubwera nane kukayezetsa magazi ndi kulandira jakisoni wa anthu. Akapambana, sindidzatchulanso nkhaniyi kwa iwe mpaka kumanda."

Wina kumbuyo anakuwa kuti Wilkin ayambiretu kumasula lamba. Wilkin anayang'ana anzake, anayang'ana tambala, n'kunena kuti, "Zapita, Amayi, ndavomera."

Mayiwo anaima pa thabwa akupempha Amayi Maria a Altagracia kuti tambala wa mwana wawo aphedwe. Kaya kumwambako anali otanganidwa ndi zina, kaya nawonso anabetchera Canelo, sizikudziwika. Nthenga zinauluka, fumbi linabuka, tambala womenyana ndi Canelo n'kugwa chagada miyendo ili m'mwamba. Canelo analira kokoliliko. Amuna anamunyamula Wilkin pamapewa, wina akuti mankhwala a nkhuku aoneka mphamvu yake, amugawireko. Anaseka mpaka kutsamwa ndi romu, ngati kuti mwana wa m'mimba ndi nthabwala.

Mayi Nereyda anatuluka mutu uli chilili, mumtima akudzitukwana. Namwino wamkulu, kuika moyo wa mdzukulu pa miyendo ya nkhuku! Anapita molunjika kwa Yaneris kukamuuza zimene achita. Anapeza mtsikanayo atamanga kale zovala m'chikwama, poti nkhani inali itafika iwo asanafike. Anapempha kagalimoto ka mwini golosale n'kukweza katundu.

Wilkin anawapeza akunyamuka. "Amayi, munalonjeza pamaso pa anthu."

"Ndinalonjeza kukhala chete, ndipo ndikhala chete. Za amene agone m'nyumba mwanga sitinabetcherane."

M'mawa mwake anamubayanso Yaneris, mtsikanayo akuluma pilo. Kuyambira pamenepo Wilkin malire ake anali pakhonde. Amabwera atanyamula mapeyala kapena nyama, amake amalandira, amamufunsa za atambala, amamupatsa khofi, za jakisoni osatchula.

Mwana anabadwa wamkazi, wamoyo, wa mawu ngati agogo ake. Ku chipatala chachikulu anamuyeza, anamupatsa mankhwala pofuna kutsimikiza, n'kumutulutsa ali bwinobwino.

Wilkin anabwera kudzamuona atavala malaya atsopano. Atavula chipewa, tsitsi linaoneka litathothoka mawangamawanga, m'zikhatho muli timadontho tofiira. Akuti ndi chipewacho chikumudya. Mayi Nereyda anaona zonse, poti zizindikiro zimenezo aziona kwa amuna osawerengeka. Anafuna kunena, koma analuma milomo. Mawu a m'bwalo.

Wilkin anatambasula manja kuti alandire mwana, n'kuyamba kunyengerera kuti kunyumba kwazizira, mkazi wake abwerere. Yaneris anamufungatira mwanayo pachifuwa.

"Amayi ako ndiwo anabetcha, ine sindinabetche," anatero. "Dziyang'ane m'manjamo. Ukayezetse, ubayidwe, ukauzenso uyo unakatengako. Ukatero ubwere tidzakambe."

Wilkin anatembenukira kwa amake, akuyembekeza kuti mwina amuthandiza. Iwo anamufunsa ngati khofi wake akufuna shuga wina.