Dzina la Tembo m'Buku la Tadala

Ndinanyamuka ku Jumeirah, mu Dubai, Lamulungu m'mawa, sikisi koloko isanakwane, nditakwiya kwambiri. Ndimalera ana m'nyumba ya Aarabu, ndipo ndimapuma tsiku limodzi lokha pa sabata. Tsikulo ndinajomba kutchalitchi chifukwa cha achemwali anga a ku Ntcheu.

Mwana wawo Tadala anabwera ku Dubai kudzaphunzira kuyendetsa ndege. Atatumiza kumudzi chithunzi cha buku limene amalembamo maulendo ake, amake anangoonapo chinthu chimodzi: pamzere uliwonse pali dzina lakuti Tembo. "Mwanayo wakwatiwa mwamseri," anatero achemwali pafoni, uku akulira. "Pita ukaone ndi maso ako. Ngati n'zoona, sukuluyo yathera pomwepo, abwerere kuno." Ndinawauza kuti asade nkhawa, Temboyo andidziwa bwino.

Basi inanditula pasiteshoni ya Metro, ndipo ndinakwera sitima yopita ku Al Qusais, m'chipinda cha amayi. Mayi wina wa ku Philippines anandiyang'ana nkhope n'kufunsa ngati ndikupita kumaliro. Ndinati ayi, ndikukaona mkamwini amene sitinamuvomereze.

Cha m'ma seveni ndinam'peza Tadala akundidikira pasiteshoni, atavala malaya oyera. Anandilonjera atapinda mawondo, n'kundigulira tiyi wa mkaka wotchedwa karak, wa dirhamu imodzi, ndi chapati cha dzira. Sindinadikire kuti tiyi azizire.

"Tembo ndi ndani?"

"Mukawaona, Anti. Lero tiuluka nawo limodzi."

Ha! Anayankha akumwetulira, opanda manyazi n'komwe.

Tinakwera takisi ya bambo wina wa ku Pakistan amene ankangoti "yalla, yalla" pofulumizitsa galimoto iliyonse. Nyumba zazitali zinatha, tinalowa m'chipululu, ngamila zili yakaliyakali m'mbali mwa msewu. Patatha pafupifupi ola tinafika pakabwalo kakang'ono ka ndege, ndipo mita ya takisi inali itadya madirhamu opitirira handiredi.

Kandegeko kanali kakang'ono kuposa minibasi. Pambali pake panaima bambo wa imvi mbuu, kamimba kali patsogolo, mphete ili pachala. "Anti, awa ndi a Tembo, kwawo ndi ku Chipata." Mayo ine! Mwana wa achemwali, anyamata onse ali mu Dubai muno, iwe n'kusankha agogo?

"Muli bwanji, amai?" anatero a Tembo m'Chinyanja cha kwawo. "Musayope, kumwamba kulibe maenje." Ndinayankha moni wouma.

Ndinakhala kumbuyo, iwo awiri kutsogolo, aliyense ndi chiwongolero chake. Anandiveka zomvera m'makutu kuti tizimvana. Tadala anathamangitsa kandegeko mpaka tinachoka pansi, ine ndikutchula Yesu osalekeza. Mtima utangoyamba kukhala pansi, mwana uja anatulutsa chipewa chapulasitiki cha mlomo wautali, n'kuvala. Chinam'tseka kumaso moti kunja samaonanso, ankangoona mawotchi a patsogolo pake osonyeza mmene ndege ikuyendera. A Tembo anayang'ana nthawi, n'kulemba papepala limene linali pabondo lawo.

"Tadala! Wapenga? Vula chimenecho!" Ndinakuwa mpaka ndinadzigonthetsa ndekha. Ndinatambasula dzanja kuti ndichizule.

"Amai, musagwire," anatero a Tembo, osatembenuka. "Aphunzira kuyenda m'mitambo. M'mitambo munthu saona kanthu, akhulupirira mawotchi chabe. Lamulo silimulola kuvala chipewa ichi ngati palibe woyendetsa ndege wina, wa chiphaso chake, wokhala pampando uno kumuyang'anira kunja. Maso ake lelo ndine."

Ndinabweza dzanja. Popeza ndinabwerera kudzagwira munthu, ndinayamba kuwalonda a Tembo. Ndinkadikira kuti amuyang'ane mwanayo mwa njira ina, kapena am'khudze phewa. Ayi ndithu. Khosi lawo linkangozungulira ngati la nkhuku yoona kabawi: kumanzere, kumanja, m'mwamba, pansi.

Mwadzidzidzi ananena mwamphamvu, "Siya, ndege ndagwira ine." Tadala anachotsa manja nthawi yomweyo, osafunsa. Kandege kanapendekeka. Ndipo ndinaiona: ndege ina yoyera, ya mzere wofiira, inadutsa cha kumanzere kwathu. Akuti sinali pafupi kwenikweni, koma ine ndinaona mzerewo ndi maso angawa, ndipo ndinkadziwa kuti ndafa.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Tadala, chipewa chili kumaso.

"Mnzathu anali kupita. Gwira, pitiriza."

Basi! Mnzathu anali kupita! Kuyambira pamenepo ndinatsinzina mpaka matayala anagunda pansi.

Titatsika, ndinakhala pansi pamthunzi wa phiko. Tadala anabwera ndi buku lija n'kulitsegula pamaso panga. Analemba mphindi zimene anavala chipewa, kenako pamapeto pa mzere, Tembo. "Lamulo limati ndilembe dzina la amene anandiyang'anira kunja, Anti. Popanda dzina, nthawiyo siwerengedwa, ndipo mayeso sangandilole." A Tembo nawo ankalemba m'buku lawo, koma mphindi zokhazo zimene mwanayo anali m'chipewa. Za ponyamuka ndi potera sanalembe, akuti pamenepo Tadala amaona yekha.

"Inunso tikulembereni, Anti," anaseka Tadala. "Mwauluka theka la ulendo osaona kunja."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinagwada pamchenga wotenthawo n'kuwathokoza a Tembo ndi manja awiri, iwo osadziwa n'komwe zimene ndinawaganizira. Pochoka kunyumba ndinali nditakonza kale mawu owalalatira nawo, munthu ndisanamuone n'komwe.

Ndinaimba foni ku Ntcheu tili m'takisi yobwerera.

"Wamuona?"

"Ndawaona, achemwali."

"Ndiye abwerere?"

"Musiyeni mwana aphunzire. Tsiku limene mudzamve kuti wavala chipewa chija popanda dzina la Tembo pamzere, tsiku limenelo ndiye mudzalire." Ndinawafotokozera zonse, za chipewa, za ndege ya mzere wofiira, za imvi.

Achemwali anamina, n'kufunsa ndi mawu otsika:

"Nanga bamboyo amadya mtedza? Ndikufuna ndimutumizire."