Mwana Wanga Sanadwale Malungo

Ndimagulitsa nsalu mumzinda, kudera la Ilala. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma mwana wanga wamkazi ndinamuphunzitsa mpaka anakhala loya. Tsiku limene anavala mkanjo wakuda ndinatseka shopu.

Analembedwa ntchito pa ofesi ina ya maloya ku Upanga. Kumeneko anamudya ali moyo. Ankachoka kunyumba mbandakucha, osabwera mpaka chakudya kuzizira. Anawonda. Foni ikalira, ankadzidzimuka. Ndikamufunsa, yankho linali limodzi: “Ndili bwino, Ababa.”

Tsiku lina anandiimbira foni a kukhoti. Akuti mwana wanga anaimirira pamaso pa woweruza, natsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Ndinamupeza atakhala pansi pakhonde, mkanjo uli m'fumbi, akulira. Anzake a ku ofesi anali atachoka kale. Mafayilo anatenga, munthu anamusiya.

Dokotala anati ndi matenda a maganizo, obwera ndi nkhawa ndi kusagona, ndipo mankhwala ake alipo. Anamugoneka m'chipatala.

Kale atathyoka mwendo pa bodaboda, njinga yamoto ya kabaza, ofesi yonse inabwera kudzamuzonda, malalanje osowa poika. Ulendo uno, zii. Kenako kunabwera mwini ofesiyo kunyumba kwanga, yekha, galimoto ataisiya patali.

“Shikamoo, mzee,” anatero, moni waulemu wopatsa achikulire.

Yankho lake la “marahaba” sindinamupatse. Ndinangomulozera mpando.

“Mzee, makasitomala akufunsa. Tiyeni tizinena kuti ndi malungo. Pa ntchito yathuyi, zikangomveka kuti mutu unasokonekera, palibe angamupatsenso mlandu. Ndikumuteteza.”

“Mukuteteza iyeyo kapena chikwangwani chanu?”

Anaseka. “Tonse timapanikizika, mzee. Inenso ndimamwa mapiritsi kuti ndipeze tulo.”

“Ndiye kuti mukudwala. Mukufuna mwana wanga azidwala mobisa ngati inu?”

Anasiya kuseka. Anati tikavomera za malungo, desiki yake imudikira. Tikakana, sangalonjeze kanthu.

Ntchitoyo inali ya mwana, osati yanga. Ndinapita kuchipatala kukamuuza zonse, osachotsera. Atamva, anati:

“Ababa, ndatopa n'kunena kuti ndili bwino. Malungo amatha msanga. Ndikakangofika ku ofesi, akandiunjikira mafayilo omwe aja.”

Lachisanu titatuluka mumzikiti, anzanga anafunsa za mwana. Ndinayankha mokweza, kuti ndisabwereze: “Akudwala maganizo. Ntchito yamudwalitsa.” Ena anayang'ana pansi. Mlamu wanga anandikokera pambali.

“Alamu, mwayalutsa mwana. Adzakwatiwa ndi ndani tsopano?”

Ndinamuuza kuti avale nsapato zake azipita.

Desiki ija anapatsa wina. Mwana wanga akumwabe mankhwala, ndipo masiku ena sadzuka bwino. Akugwira pa kaofesi kena ku Kawe, milandu ya malo ndi ya asodzi. Dzuwa likamalowa amakhala ali pakhomo. Mkanjo uja ndinauchapa ndekha, ndinausita ndekha.

Mwezi watha mwini ofesi uja analowa mushopu mwanga, akufuna nsalu ya akazi ake. Anasankha yabwino, kenako anandizindikira. Anamwetulira, nafunsa ngati malungo aja anatha.

Ndinachotsa nsaluyo m'manja mwake, ndinaipinda, n'kuibwezera pashelefu.