Msoko wa a Usumani

A Usumani a pa Nselema anali telala wa pakhonde, munthu wa manja abwino koma wopupuluma zedi. Ndakhala nawo moyandikana zaka zambiri ndipo ndikuwadziwa. Masiku amenewo mfundo sankamasula. Chingwe, thumba, mtolo, chilichonse ankangopisa sizasi basi. Akazi awo, a Lukiya, ankawaseka kuti tsiku lina adzadzidula chala n'kuchisokera kumalaya a munthu.

M'chaka cha 1978, Idi itayandikira, analembera kalata sitolo ina ya ku Limbe kuitanitsa nsalu yoyera yosokera mikanjo. Mtolo unabwera pa sitima n'kufikira ku Balaka, wokutidwa ndi chiguduli. Anakautenga pa basi, ndipo atangofika kunyumba anapisa sizasi monga mwa masiku onse.

M'katimo munalibe nsalu yoyera. A kusitolo anali atasokoneza mitolo. Munali nsalu ya chipani, ija amayi ankavala pokavina kumisonkhano, yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. Sizasi ija inali itadutsa pankhope yapamwamba, kuyambira patsaya mpaka pakhosi.

Amene sanakhaleko nthawi imeneyo akhoza kuseka. Ife sitinkaseka. Anthu ankatengedwa chifukwa cha mawu amodzi onenedwa pamowa, osabwereranso. Nanga munthu wodula khosi la nkhope imeneyo? A Usumani anangokhala pansi. A Lukiya anatseka chitseko dzuwa lili pamutu.

"Bambo, tiitenthe," ananong'ona a Lukiya.

"Iyayi, mayi. Dzina langa lili m'buku la kusiteshoni. Mwini wake akaifuna adzabwera kuno."

Anakhala m'nyumba masiku atatu, anthu akuuzidwa kuti telala wagona ndi malungo. Makina sanawakhudze, poopa kuti angamveke panja. Anasolola ulusi m'mphepete mwa nsalu yomweyo n'kumalumikiza pong'ambikapo ndi singano ya pamanja, ulusi umodziumodzi, thukuta lili kamukamu. Njinga ikalira belu pamsewu ankaleka kupuma, kuganiza kuti ndi achinyamata a chipani. Atamaliza, msoko unali wosaoneka ndi maso. Koma chala chikadutsapo chinkaumva.

Tsiku lachinayi anabwerera ku Balaka, mtolo uli pamiyendo ulendo wonse. Kalaliki wa katundu, a Bizwick, atasuzumira m'katimo anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka.

"Achimwene, ndilembe kuti chiyani? Kuti mwabweza?" anafunsa a Bizwick. "Munthu amabweza nkhope imeneyi? Inetu ndili ndi ana."

"Si yanga, bwana. Ine ndinaitanitsa yoyera."

"Musandiuze ine. Khalani apo. Eni ake akubwera kuno tsiku ndi tsiku, muwauze nokha."

Eni akewo anali mayi Martina, wapampando wa amayi a chipani kudera la Mposa, mayi woti akakuloza chala anthu ankayamba kukulambalala. A Usumani anadikira pabenchi akupemphera chamumtima. Chakumasana mayiwo anatulukira atasenza mtolo wawo, koma sanalowe mokalipa monga a Usumani ankayembekezera. Maso anali ofiira, nkhope yakugwa.

Zinadziwika kuti iwonso sankagona. Tsiku lomwe anaulandira, anatsegula mtolo wawo pamaso pa amayi anzawo n'kupeza nsalu yoyera mbee, yonga yokulungira maliro. Ena anayamba kunong'onezana kuti alipo wawatumizira nsanda. Ena ankati nsalu ya chipani agulitsa okha. Msonkhano unali utatsala masiku asanu, ndipo akuluakulu a kuboma anali atayamba kufunsa.

A Usumani ndi mayi Martina anasinthana mitolo pomwepo, a Bizwick akuyang'ana kudenga. Mayi Martina anayala nsalu yawo pabenchi n'kuyamba kuisalaza ndi chikhatho. A Usumani ankaona dzanjalo likuyandikira tsaya lija. Linafika, n'kuima. Chala chinatsika pang'onopang'ono mpaka pakhosi, n'kubwereranso. Mayiwo anadzutsa mutu, kuwayang'ana a Usumani, kenako kuyang'ana zala zawo zobayidwabayidwa ndi singano.

"Ndinu telala, bambo?"

"Eya, mayi."

Mayi Martina anapinda nsaluyo, msoko n'kulowa m'kati. "Chidutswa chapamwambachi ndivala ndekha," anatero motsitsa mawu. "Ine sindinaone kanthu. Inunso simunasoke kanthu."

Mikanjo ya Idi inasokedwa mochedwa chaka chimenecho, ndipo anthu anadandaula kuti a Usumani ayamba ulesi. Kuyambira pamenepo mfundo iliyonse amamasula ndi zala, ngakhale itenge theka la ola, ndipo ana amawaseka kuti ukalamba wawapusitsa.

Nkhaniyi anandiuza patapita zaka makumi awiri, chipani chija chitachoka kale m'boma, komabe anayamba asuzumira panja. Ndinawafunsa kuti pa zonse anasoka pamoyo wawo, chimene amanyadira ndi chiti.

"Msoko uja," anatero. "Sindinasokenso wina wokongola ngati umenewo. Ndipo tsiku lililonse ndinkapempha Mulungu kuti asapezeke munthu wouyamikira."