Timiyala Toyera ta Amayi

Makina osakanizira simenti akamalira pa Bvumbwe, ine ndimadutsa msanga. Amandikumbutsa chitini cha dona wa ku esiteti ya tiyi kumene ndinakulira.

Donayo ankasalaza miyala yake yokongola m'chitini chimene madzi a mumtsinje ankachizunguza osaleka. Tsiku lina anandituma timiyala. Ndinathamangira kumapeto kwa munda wa tiyi, pamene amayi anayala timiyala toyera pamanda a khanda lathu. Ndinatola tonse. Ndinkati tikabwerako tikunyezimira, amayi asekerera.

Patapita milungu anatsekula chitini chija. Dona anasankhamo miyala yake isanu, zotsalazo nakhuthulira mumtsinje pamodzi ndi matope otuwa.

"Nanga tanga tija?" ndinafunsa akhukhi a panyumbapo.

"Tija n'tongodzazira chitini, mwanawe."

Mvula itagwa, udzu unamera ponseponse. Ndinawapeza amayi akukwawa, akupapasa m'udzumo ndi zala zakuda ndi tiyi.

"Mwana uja anali chapompano. Esinati, sunaone timiyala?"

"Ayi, amayi."

Anamwalira asanapapeze. Ine imvi zadzaza m'mutu, koma "ayi" uja akadali pakamwa panga.