Hopewell ndi Kope Limene Linakulunga Mandasi

Hopewell Mulepa anali wothyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Chitakale, monga analili bambo ake ndi agogo ake amene anachokera ku Mozambiki. Chomusiyanitsa ndi anzake chinali pakamwa. Ankayimba nyimbo zija achinyamata amati rapu, zolankhula mothamanga ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika.

Kunena zoona, masiku amenewo ankalimbikira. Mawu ankawalemba m'kope, kufufuta, kulembanso. Akamathyola tiyi, dengu lili kumsana, ankabwereza mzere uliwonse mpaka kapitawo naye ankauloweza mosafuna. Nyimbo imodzi inkamudyera miyezi iwiri, koma ikalowa m'mutu sinkatulukamonso.

Kenaka mnzake Spencer anatsegula situdiyo kuseri kwa nyumba yometera pa Chitakale. Munali kompyuta imodzi, maiki, ndi matiresi akale okhomedwa kukhoma.

"Aise, kopeli n'lachiyani? Ukulemba mayeso?" anatero Spencer. "Akatswiri salemba. Nena mzere umodzi umene wakubwerera, ine ndijambula. Upume, unenenso wina. Kulumikiza n'kwanga."

Hopewell anayesa. Nyimbo yotamanda mkazi wake, Joice, inatha masana amodzi, yosokedwa zigamba ngati thalauza la m'busa wa ng'ombe. Analowa wothyola tiyi, anatuluka katswiri. Kope lija anapatsa mayi wogulitsa mandasi kuti azikulungira.

Nyimboyo inayenda, imeneyo sitingakane. Inamveka m'mafoni, m'maminibasi, mpaka kuchigayo. Hopewell anabweza dengu kwa kapitawo, ati manja a woyimba sathyola masamba. Nyimboyo mwini wakeyo sankaimvetsera n'komwe. Katswiri anali kalikiliki kujambula zina.

Ntchito yoyamba inachokera ku Milonde. A Kingstone, mwini golosale, ankakwatitsa mwana wawo, ndipo anaitana Hopewell. Akanayimba bwino, maukwati ena akanamutsata. Kupanda apo, dengu linkamudikira.

Spencer anali atakonza zonse: aike nyimbo ya Joice yojambulidwa ija, Hopewell azingogwedeza milomo. Koma itangoyamba, a Kingstone anaimirira.

"Zimitsani mawuwo, musiye ng'oma zokha. Ine ndinaitana munthu, osati wailesi."

Hopewell anayimba mzere woyamba bwinobwino. Wachiwiri anautola pansi. Wachitatu sunabwere. Ukanachokera kuti? Nyimboyo anali asanaiyimbepo yonse chibadwire. Mzere uliwonse anaunena kamodzi, n'kuusiya m'kompyuta ngati nkhuku yoikira dzira pakhomo pa eni.

"Milonde, manja m'mwamba!" anakuwa, kuti apezereko mpata.

Anthu anakweza manja. Anakuwanso kachiwiri, kachitatu.

"Manja atopa, achimwene, yimbani!" anatero mayi wina wa kuchikazi. "Kapena mwabwera kudzatiphunzitsa masewera olimbitsa thupi?"

Spencer anawerama n'kuyamba kufunafuna waya amene sanatayike.

Apo Joice anadzuka pakati pa azimayi, mwana ali kumsana. Iye nyimboyo ankaimvera tsiku lililonse pogulitsa nthochi, poti ndani amatopa kumva akutamandidwa? Anamanga chitenje, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno maikiyo, bambo a Lily, musatichititse manyazi."

Anaiyimba yonse, osadumpha liwu, akudzitamanda yekha maso ake ndi mayendedwe ake. Nthungululu zinalira. Anthu anavina mpaka fumbi kuphimba keke, ndipo ofupa onse anapita kwa Joice, kumulambalala katswiri ngati chitsa.

Lero oitanidwa kumaukwati a ku Milonde ndi Joice. Hopewell amanyamula sipika Loweruka, ndipo pakati pa sabata amathyola tiyi. Kapitawo anamubwezera dengu lomwe lija, n'kumufunsa ngati manja achira.

Anagulanso kope. Lamulungu akaweruka kutchalitchi amakhala pakhonde, cholembera m'manja, mkazi wake akumutchulira mawu a nyimbo yake yomwe.

"Werenganinso, bambo a Lily," amatero Joice. "Mzere wachitatu uja mwaudumphanso."